Papa Samwa, Ine Sindimwa

"Ine ndine Abdurremane wa pa Zóbuè!" anatero Papa, akudziguguda pachifuwa. "Mwezi wa Ramadani ine sindilawa kanthu masana. Madzi ayi. Mankhwala ayi. Ngakhale malovu anga amadikira kuti dzuwa lilowe!"

Azibambo a pakhonde la loja, sitolo ya Papa, anaseka. Ena anawomba m'manja.

"Nanga mukadwala?" wina anafunsa.

"Kudwala ine? Malungo akandiona amakwera shapa. Amathawira ku Moatize pa minibasi imeneyo!"

Azibambo anasekanso.

Soraia sanaseke. Soraia anali mwana woyamba wa Papa Abdurremane. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali ndi maso akuthwa.

Kunja kunkatentha. Koma Papa anali atavala chikazako chawo cha nyengo yozizira. Manja awo ankanjenjemera. Soraia anaona.

Soraia ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Papa achire.

Ayi, ndanama. Ankafuna zinthu ziwiri. Ankafunanso kuti Adnan achire.

Adnan anali mlongo wake wa Soraia, ndipo ankamuitana kuti mana, kutanthauza achemwali. Anali ndi zaka zisanu. Adnan ankachita zonse zimene Papa achita. Papa akatsokomola, Adnan ankatsokomola. Papa akakanda mimba, Adnan ankakanda mimba. Tsopano Papa anatentha thupi. Adnan nayenso anatentha thupi.

Mama Zarina kunalibe. Anali ku Moatize, kokaoda katundu wa mu loja.

M'mawa kutacha, Adnan analephera kudzuka.

"Papa, tiyeni kuchipatala," anatero Soraia.

"Tiyeni," anatero Papa. "Koma tikupitira mwanayu. Ine ndilibe vuto."

Soraia anaphika phala la nsinjiro. Analiika m'kabakuli. Papa anabereka Adnan. Anayenda pang'onopang'ono. Panjira Papa anapuma kawiri.

"Ndikuona phiri," anatero Papa.

Phirilo Papa analiona kuyambira ali mwana. Koma Soraia anangowadikira.

Kuchipatala anapeza anamwino, a Judite. A Judite anabaya Adnan pachala. Anatenga kadontho ka magazi. Anadikira pang'ono.

"Malungo," anatero a Judite.

Kenaka anayang'ana Papa. Anayang'ana chikazako chija.

"Inunso bambo, bweretsani chala."

"Ine ndangoperekeza."

"Chalacho chiperekezenso."

Papa anapereka chala. Anayang'ana kudenga. Anati, "Mayo!" Adnan nayenso anati, "Mayo!"

A Judite anadikira pang'ono.

"Malungo," anateronso.

A Judite anayeza Adnan pasikelo. Anatulutsa mapaketi awiri a mankhwala. Lina linali laling'ono. Lina linali lalikulu.

"Wamkulu panyumba ndani lero?" anafunsa.

"Ndine," anatero Papa.

A Judite anayang'ana Soraia. "Iwe mtsikana, tchera khutu."

Soraia anatchera khutu.

"Paketi yaing'ono ndi ya mwana. Amwe mibulu iwiri. Paketi yaikulu ndi ya bambo. Amwe mibulu inayi. Osasinthana. Osagawana."

"Osasinthana. Osagawana," anatero Soraia.

"Koyamba amwe pompano. Kachiwiri amwe pakapita maola asanu ndi atatu. Uli ndi wotchi?"

"Ndilibe."

"Uli ndi makutu. Dzuwa likapendeka, ku mzikiti amaitana anthu kukapemphera. Ukamva kuitanako, nthawi yakwana. Mawa amwe m'mawa ndi madzulo. Mkuja amwe m'mawa ndi madzulo."

"M'mawa ndi madzulo," anatero Soraia.

"Amwe ndi mkaka. Kapena adye chakudya cha mafuta. Mankhwalawa sakonda mimba yopanda kanthu. Osaphatikiza a m'mawa ndi a madzulo. Osasiyira panjira, ngakhale thupi litazizira. Akasanza atangomwa, thamangirani kuno."

Soraia anabwereza zonse. Sanaiwale ngakhale chimodzi.

A Judite anasungunula mibulu ya Adnan m'timadzi tochepa. Adnan anamwa. Anadya phala la nsinjiro.

"Tsopano inu, bambo."

Papa anakanda m'mutu. "Ine ndikamwera kunyumba."

A Judite anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Koma pakhomo panamveka mfuu. Mayi wina analowa akuthamanga. Ananyamula kamwana m'manja. Kamwanako kanali kolobodoka. Sikankalira. Sikankatsegula maso.

"Malungo awa!" anafuula a Judite. "Mwachedwa naye bwanji? Bwerani kuno, msanga!"

A Judite anathamangira m'chipinda china. Chitseko chinatsekeka.

Mtima wa Soraia unagunda: gu, gu, gu.

Papa anaika paketi yawo m'thumba la chikazako. Anaiika mwakachetechete.

Adnan anaona. Adnan ankaona zonse.

Anabwerera ku loja. Soraia anayala mphasa kuseri kwa matumba a mpunga. Adnan anagona pamenepo.

Pamsewu pankadutsa makamyau, magalimoto aatali aja onyamula malasha. Ankapita kumalire. Loja inkagwedezeka. Papa nawonso ankagwedezeka, ngakhale kamyau isanadutse.

Mayi wina anabwera kudzagula mchere. Papa anamupatsa misomali.

"Kodi ndiwo zanga ndizikhomere?" anafunsa mayiyo.

Soraia anasintha msanga. Anapereka mchere.

"Papa, imwani mankhwala," ananong'ona.

"Dzuwa likalowa."

"Anamwino anati pompano."

"Dzuwa likalowa ndimwa onse pamodzi. A m'mawa ndi a masana. Ulendo umodzi, katundu yense, ngati kamyau."

"Anamwino anati osaphatikiza."

"Anamwino sakuidziwa mimba yanga."

Soraia anaganiza. Kenaka anafunsanso.

"Papa, ndili ndi funso la ku madarasa."

Papa anawongola khosi. Ankakonda mafunso otere.

"Funsa, mwana wanga."

"Munthu akadwala m'mwezi wa Ramadani, amatani?"

"Chosavuta chimenecho! Wodwala sasala. Amadya. Amamwa mankhwala. Akachira, amabweza masiku ake."

"Ndi zololedwa?"

"Ndi zololedwa ndithu."

"Nanga inu?"

"Ine sindikudwala. Ndangofunda pang'ono."

Papa anasuzumira pakhonde. Azibambo aja analipo. Ankasewera bawo. Ankadikira kuti dzuwa lilowe. Onse anamva zimene Papa ananena dzulo.

Soraia anazindikira. Papa sankaopa lamulo. Papa ankaopa khonde.

Dzuwa linakwera. Dzuwa linafika pamutu. Dzuwa linayamba kupendeka.

Milomo ya Papa inauma. Anakhala pa mpando. Anatsamira khoma.

Kenaka ku mzikiti kunamveka kuitana.

Azibambo anasiya bawo. Anaphumula fumbi m'mikanjo yawo.

"A Abdurremane, tiyeni!"

"Tsogolani," anatero Papa. "Ndikuwerenga katundu."

Papa sankawerenga katundu. Miyendo yawo inali itakana.

Azibambo anapita. Pakhonde panati zii.

Soraia anatenthetsa mkaka. Anatenga paketi yaing'ono. Anagwada pamphasa.

"Adnan, dzuka. Nthawi yakwana."

Adnan anatsegula maso. Anaona paketi. Anatseka pakamwa. Anatseka kwambiri, ngati chitseko cha loja.

"Yasamula."

Adnan anapukusa mutu.

"Ndikupatsa bolasha, bisiketi yokoma ija."

Adnan anapukusa mutu.

"Mabolasha awiri. A kirimu pakati."

Adnan anameza malovu. Koma anapukusa mutu.

Soraia anamugwira pamphumi. Panali potentha kuposa m'mawa.

Pakhomo panafika a Dalila, mayi ogulitsa mbatatesi. Anatula dengu lawo. Anasuzumira.

"Akukana? Mtsine mphuno! Akayasamula, thira!"

"Angatsamwe," anatero Soraia. "Angasanze onse."

"Ee, ana a masiku ano," anatero a Dalila. Anasenza dengu. Anapita.

Soraia anatenga telefoni ya Papa. Anaimbira Mama.

"Mama, muli pati?"

"Tili m'shapa, mwana wanga. Kutsogolo kuli makamyau. Tikukwawa ngati nkhono."

"Adnan ali ndi malungo. Akukana mankhwala."

"Akukana? Ika telefoni pakhutu pake, ndi..."

Telefoni inati tii. Mawu a Mama anatha. Soraia anaimbanso. Sinalowe. Anaimbanso. Sinalowe.

Adnan anayamba kunjenjemera. Mano ake ankagundana. Maso ake anali ofiira.

Soraia anakumbukira kamwana ka kuchipatala. Kamwana kosalira. Kamwana kosatsegula maso.

Mtima wake unagunda: gu, gu, gu.

Anagona pamphasa pafupi ndi Adnan. Anayandikitsa pakamwa pake kukhutu kwake.

"Adnan, ndiuze. Kodi ndi owawa?"

Adnan anatsegula pakamwa pang'ono. Anasiya kampata ka mawu okha.

"Ayi, mana."

"Kodi m'mimba mukupweteka?"

"Ayi, mana."

"Nanga ukukaniranji?"

"Papa samwa. Ine sindimwa."

Pakamwa panatsekekanso.

Soraia anadzuka. Anapita kwa Papa. Anawagwira dzanja. Dzanjalo linali lamoto.

"Papa, bwerani mudzamve."

Papa anadzuka movutika. Anagwira khoma. Anagwira thumba la mpunga. Anagwada pamphasa.

"Adnan, imwa mankhwala."

"Papa samwa. Ine sindimwa."

"Iwe ndiwe mwana. Ana sasala."

"Papa samwa. Ine sindimwa."

"Ine ndine wamkulu!"

"Inenso ndine wamkulu. Malungo akandiona amakwera shapa."

Papa anazindikira. Mawuwo anali awo omwe.

"Iwe Adnan!" Papa anakweza mawu. "Ndati imwa!"

Adnan analira. Koma analira pakamwa pali potseka. Misozi inatsikira m'makutu. Thupi lake lonse linkanjenjemera.

Papa anaika dzanja pamphumi pa Adnan. Analichotsa msanga. Analiikanso.

"Mwanayu watentha ngati mbaula," anatero motsitsa mawu.

"Nthawi yake ikudutsa, Papa."

Papa anayang'ana Adnan. Anayang'ana pakhomo. Anayang'ananso Adnan.

"Papa," anatero Soraia, "pakhonde palibe munthu. Onse ali ku mzikiti."

"Onse?"

"Onse. Koma sachedwa."

Papa anapuma mpweya waukulu.

"Tseka chitseko."

Soraia anathamanga. Anakankha chitseko. Chitseko chinali cholemera. Chinati kwiii. Chinatsekeka.

Soraia anatenga zikho ziwiri. Chachikulu ndi chaching'ono. Anathira mkaka. Anafulumira kwambiri. Mkaka wina unatayika.

Papa anatulutsa paketi yawo m'thumba. Anayamba kuboola mibulu. Umodzi. Iwiri. Itatu. Inayi. Anafuna kuboola wachisanu.

"Basi, Papa!"

"Nanga ya m'mawa ija?"

"Mukuyamba tsopano. Inayi basi. Inayo mumwa pakapita maola asanu ndi atatu."

"Ndidzakhala ndili m'tulo."

"Tikudzutsani."

Soraia anasungunula mibulu iwiri ya Adnan m'timadzi tochepa. Anamukhazika tsonga.

"Imwa, Adnan."

"Papa ayambe."

Kutali kunamveka mawu a anthu. Mapemphero anali atatha.

"Papa, msanga!"

Papa anayang'ana mibulu ili m'dzanja. Anayang'ana chitseko. Pansi pa chitseko pankalowa kuwala. Dzuwa linali likadali kumwamba.

Adnan anatsamira Soraia. Mutu wake unali wolemera. Maso ake ankatsekeka.

"Bismillah," anatero Papa.

Anaponya mibulu m'kamwa. Anakweza chikho. Pakhosi panati gudyu, gudyu, gudyu.

Adnan anatsegula maso.

"Yasamulani," anatero.

Papa anayasamula.

"Kwezani lilime."

Papa anakweza lilime. Munalibe kanthu.

"Bismillah," anatero Adnan.

Anamwa timadzi take tonse. Anamwa mkaka wake wonse. Pakhosi panati gudyu, gudyu, gudyu. Kenaka anatambasula dzanja.

"Mana, mabolasha anga awiri."

Wodwala ameneyu sankaiwala malonda.

Soraia anamupatsa. Anakhala pansi. Anadikira kuti aone ngati Adnan asanza. Adnan sanasanze. Ankangotafuna.

"Mawa m'mawa ndi madzulo," anatero Soraia. "Mkuja m'mawa ndi madzulo. Mpaka mapaketi athe."

"Ine mawa ndikhala nditachira," anatero Papa.

"Papa akasiya, ine ndisiya," anatero Adnan.

Papa anakweza manja onse awiri.

"Mpaka athe! Mpaka athe! Masikuwa ndibweza ndikachira."

Papa ananyambita milomo. Anasuzumira m'chikho. Munalibe kanthu.

"Soraia, anamwino anati chiyani za mimba yopanda kanthu?"

"Anati mankhwala saikonda."

"Yangayi ikadali yopanda kanthu. Thiramonso. Bweretsanso kabolasha."

Soraia anathira mkaka wina. Papa anaviika bolasha mumkaka. Analiika lonse m'kamwa. Anakweza chikho.

Chitseko chinati kwiii!

Kuwala kunadzaza mu loja. Pakhomo panaima Mama Zarina, thukuta lili kamukamu. Shapa inali itawatsitsa pafupi ndi mzikiti. Azibambo a pakhonde anawathandiza kunyamula katundu. Tsopano onse anali kumbuyo kwa Mama. Wina anasenza katoni ya mafuta. Wina anasenza thumba la shuga. Wina ananyamula ndowa.

Onse anaona Papa. Anaona chikho. Anaona tsaya lotupa ndi bolasha.

Onse anangoima pakhomo. Ngakhale ntchentche inaima.

"Mama!" anafuula Adnan. "Ndamwa mankhwala! Papa amwanso! Zikho ziwiri!"

Mama anathamangira pamphasa. Anakumbatira Adnan. Anakoka Soraia, namukumbatiranso.

"Alhamdulillah," anatero Mama.

Bambo wokalamba anatula thumba la shuga. Anatsokomola.

"Wodwala ndi wololedwa," anatero. "Muchire, a Abdurremane."

"Muchire, muchire," anatero enawo. Koma mapewa awo ankagwedezeka. Katoni ya mafuta inkavina pamutu.

Papa anafuna kuyankha. Bolasha linakana. Anangoti, "Mmm."

"Mwachita bwino, bambo ake a Soraia," anatero Mama. "Malizani chikhocho. Koma pukutani ndevu. Mkaka ukudonthera pa mpunga."